Galimoto yachiwiri? Yambani mwafunsa msewu ndi makaniko wakwanu

Munthu wofika kwa Chonde m'boma la Mulanje tsiku la mwambo wa Mulhako wa Alhomwe angaganize kuti kuno khomo lililonse lili ndi galimoto. Chiyambireni mwambowu mu 2008, ukafika mwezi wa Okutobala timaona ma Prado, ma Fortuner ndi ma Ranger atandandalika m'mbali mwa msewu mpaka kusowa poponda. Koma kukacha, fumbi litakhazikika, zonsezo zimakhala zabwerera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zotsala ndi zathu zamasiku onse: njinga zakapalasa, njinga zamoto za akabaza, maminibasi, ma Sienta olemedwa ndi anthu ndi katundu, komanso tigalimoto ta aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale. Wofuna galimoto yotsika mtengo yotumikira pakhomo aphunzire kwa zotsalazi, osati kwa alendo aja.

Ndikudziwa kuti owerenga ena atangoona mawu oti galimoto yachiwiri atsonya kale. M'dziko lomwe anthu ambiri alibe ngakhale njinga, nkhani yotere imamveka ngati matama. Ndiye ndifotokoze za pakhomo panga. Ndili ndi pikapu yakale ya dizilo, ndipo ndiyo khasu langa. Nyengo ya nandolo imakhala ikuzungulira m'midzi, masiku ena ikututa simenti ndi malata kuchokera ku Limbe, ndipo imatha kugona kunja masiku awiri kapena atatu. Ikachoka, pakhomo pamatsala mayi akunyumba ndi golosale yawo, ana awiri apasukulu, ndi apongozi anga omwe ali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ofunika kukaonekera kuchipatala mwezi ndi mwezi. Masana kunja kuli ngwee, akabaza amatithandiza ndithu, sindingawanyoze. Koma gogo wa zaka zopitirira 70 simungamukweze panjinga yamoto 2 koloko usiku mvula ikukhuthuka. Amene anaionapo mvula ya m'munsi mwa phiri la Mulanje akudziwa chomwe ndikunena.

Tisanafike pa mitundu ya galimoto, pali masamu ofunika kuwachita moona mtima. Anthu ambiri amati galimoto yaing'ono idzadzigula yokha posunga mafuta. Tiyeni tione. Bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 pa lita mu Novembala 2023, ndipo mu Okutobala 2025 anakwera kufika pa K3,499, dizilo pa K3,500. Pikapu yanga imayenda makilomita 8 pa lita. Galimoto yaing'ono yabwinobwino m'misewu yathuyi imayenda pafupifupi 15. Ngati timaulendo ta pakhomo tikukwana makilomita 150 pamlungu, pikapu imwa malita pafupifupi 19, yaing'onoyo 10. Kusiyana kwake ndi malita 9, omwe pamtengo wa Okutobala 2025 uja ndi ndalama zoposa K31,000 pamlungu, kapena K1.6 miliyoni pachaka. Zikumveka zambiri. Koma chotsanipo inshulansi, COF, oyilo, matayala, batire ndi tizinthu tomwe timangothyoka popanda kutsanzika, muona kuti zotsalazo sizingabweze mtengo wogulira m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Choncho ngati galimoto yanu yoyamba imagona pakhomo tsiku lililonse, ndipo nyumba ili pafupi ndi tala pomwe ma Sienta amadutsa mphindi zilizonse, musagule ina. Ndalamazo gulirani feteleza. Phindu lenileni la galimoto yachiwiri n'loti ikhalepo pomwe yoyamba palibe. Ntchito yake ndi kulira m'mawa uliwonse mukatembenuza kiyi, ndipo ikadwala ichire tsiku lomwelo kapena mawa lake, kwa makaniko woti mutha kufikako wapansi. Zina zonse, kaya mtundu wa penti, kaya mipando yachikopa, zimabwera pambuyo.

Ine ndi mayi akunyumba tinakhala pansi n'kulemba maulendo onse a mwezi wathunthu. Kukaoda katundu ku Luchenza, kuchigayo, kutchalitchi, kusukulu kukagwa mvula, kuchipatala ku boma, kumunda, kumaliro. Titawerenga tinapeza kuti pafupifupi theka la maulendowo ndi a kunja kwa tala. Apa ndi pomwe msewu unayamba kutisankhira galimoto. Misewu yopatuka pa tala kuno chilimwe imakhala fumbi ndi mabampu, dzinja thope loterera ngati sopo. Choopsa kwambiri si thopelo ayi, koma msana womwe umatsala pakati malole ndi mathirakitala akakumba ngalande ziwiri ndi matayala awo. Msana umenewo ndi womwe umamenya sampu ya injini ndi paipi ya utsi. Sampu ikabooka oyilo n'kutayika inu osadziwa, injini imanoka musanafike komwe mukupita. N'chifukwa chake musamayeze kutalika kwa galimoto ili yopanda kanthu. Kwezani akuluakulu anayi ndi thumba la chimanga, kenako gwadani muone mpata womwe watsala pansi.

Yoyamba kubwera m'maganizo a aliyense wofuna yotchipa ndi Daihatsu Mira. Injini yake ndi ya 660cc, malire omwe malamulo a ku Japan amaika pa gulu la tigalimoto tating'ono kwambiri. Mafuta kamangonunkhiza. Kwa mphunzitsi kapena namwino woyenda yekha pa tala, mwachitsanzo kuchoka pa Chitakale kupita kuntchito, sindikuona chomwe chingaipose. Koma kanapangidwira m'tauni. Mukakakweza anthu anayi ndi makireti a zakumwa n'kukalozetsa zitunda za ku Thyolo, kamachita kubuula, ndipo timatayala take tating'ono timalowa thupi lonse m'dzenje lomwe tayala lalikulu likanangolumpha. Toyota Passo ndi Vitz za 1,000cc zili pakatikati. Zambiri mwa izo zili ndi injini imodzi ya masilinda atatu yotchedwa 1KR, moti zipangizo zina zimalowana, ndipo Passo amaipanga ndi a Daihatsu omwewo. Kwa banja laling'ono lokhala pafupi ndi tala, zimenezi n'zokwanira. Ife chinatibweza ndi buti yake, yomwe thumba limodzi la makilogalamu 50 limaidzaza.

Toyota Aqua ndi zinzake zoyendera petulo ndi batire pamodzi zikuchuluka m'tauni, ndipo pa mafuta palibe wotsutsa. Vuto lake n'loti ikayatsa nyali yachilendo imafuna munthu wa kompyuta, ndipo munthuyo nthawi zambiri ali ku Blantyre. Batire lake lalikulu likatopa, mtengo wake umameza zonse zomwe munasunga pa mafuta. Ngati yoyamba, kwa munthu wa m'tauni, ndingaivomereze. Ngati yachiwiri, kumudzi, ayi.

Palinso msampha wina wokoma m'maso. Mukamafufuza mupeza Benz, BMW kapena Audi yakale ikugulitsidwa pamtengo wofanana ndi Vitz, mwinanso kutsikirapo. Mtima umagunda. Dzifunseni chifukwa chomwe mwini wake akuitayira choncho. Galimoto zimenezi si zoipa, koma kachipangizo kamodzi kakafa mumadikira milungu kuti wina akabwere nako kuchokera ku Johannesburg, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'marandi. Yendani m'maboma athuwa muwerenge galimoto zomwe zakhazikidwa pamiyala pansi pa mitengo ya mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Zambiri sizinafe ndi ngozi. Zinafa ndi kusowa kwa chitsulo chokwana m'dzanja limodzi.

Amene anandiwongolera maganizo ndi makaniko wathu, yemwe wakhala akusamala pikapu ija zaka zambiri. Nditamutchulira mitundu ingapo anangoseka n'kuti: "Madala, musandibweretsere galimoto yoti ndiyambe kuphunzirapo ntchito. Bweretsani yomwe ndimaimasula ngakhale magetsi atazima." Kenako anandionetsa chinthu chomwe ogula ambiri sachilabadira. Timayang'ana dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto, pomwe chofunika ndi dzina la injini. Toyota Sienta yakale, Probox, IST, Ractis, Raum, Spacio, Corolla Axio ndi Fielder, zonsezi zili ndi mitundu yokhala ndi injini imodzimodzi ya 1,500cc yotchedwa 1NZ. Ili ndi mng'ono wake wa 1,300cc, 2NZ, wofanana nayo m'zambiri. Injini zimenezi zimayendera tcheni osati lamba wa taimingi, ndiye mulibe nkhawa yoti lamba aduka panjira. Chachikulu n'choti poti ma Sienta adzaza misewu yonse ya kuno, mapulagi, makoilo, mafyuluta, pampu ya madzi, ngakhale injini yathunthu yogwiritsidwapo kale ntchito, sizisowa m'mashopu a ku Limbe, ndipo zing'onozing'ono mumazipeza pafupi pompano. Mwamuimbira wa shopu m'mawa, wapatsira kondakitala wa minibasi, masana chafika. Umenewo ndiwo ndimautcha kutchipa.

Ndiye bwanji osangogula Sienta yomweyo? Tinaiganizira kwambiri. Ili ndi mipando 7, zitseko zake zotsetsereka n'zabwino kwa munthu wokalamba, ndipo mtundu woyamba unapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, choncho ilipo yambiri. Koma Sienta yotchipa kuno kawirikawiri imakhala yoti yagwirapo ntchito ya takisi. Nonse mwaonapo mmene zimadzazira: anthu oposa khumi, matumba pamwamba, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe. Galimoto yotere chaka chimodzi imakalamba zaka zisanu. Muizindikira ndi mipando yophwanyika, zitseko zolimba potsegula, ndi masipuling'i akumbuyo omwe anasinthidwa kuti itukuke. Chinanso n'choti Sienta pakhomo imabwera ndi mayesero. Sipapita mwezi, mphwanu wina wabwera ndi nzeru yoti aziiyendetsa masana kuti izibweretsa kangachepe. Mukavomera, galimoto yachiwiri ija yatha. Usiku womwe mudzaifune idzakhala ili kugalaja kapena m'manja mwa apolisi apamsewu.

Mtima wanga unali pa Probox. Maonekedwe ilibe, koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Inayamba kupangidwa mu 2002 ngati galimoto ya amalonda, ndipo ya mtundu wa vani inalembedwa kuti inyamule makilogalamu 400, kutanthauza matumba 8 a chimanga. Mayi akunyumba anaikana m'mawu ochepa: "Bambo a ana, imeneyo mukudzigulira nokha. Ikangofika pano isanduka pikapu yachiwiri, ine ndizingoiona ikudutsa." Sindinatsutse, chifukwa amandidziwa. Aliyense wogula galimoto yachiwiri ayankhe funso limeneli asanatulutse ndalama: kodi woiyendetsa tsiku ndi tsiku ndani? Ngati ndi mayi, iwowo ndiwo akhale pachiwongolero poiyesa, aone ngati akuona bwino kutsogolo, ngati akutha kuibweza m'mbuyo pachipata. Abambo ambiri timagula galimoto yotikomera ife n'kuitcha mphatso.

Mawu pang'ono pa giyabokisi, poti apa ndi pomwe ndalama zambiri zimathera. Pafupifupi galimoto zonse zing'onozing'ono zochokera ku Japan n'zosintha magiya zokha, koma zili mitundu iwiri. Pali yakale ya magiya anayi, ndipo pali ya CVT, yomwe m'malo mwa magiya ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri osintha kukula. CVT imasunga mafuta, koma imafuna oyilo wakewake. Wina akathiramo oyilo wa giyabokisi wamba, imayamba kunjenjemera ndi kuterereka, mapeto ake n'kugula ina. Siikondanso kulemedwa kapena kupondedwa moto matayala akuzungulira pamodzimodzi m'thope. Ya magiya anayi imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono, koma imapirira, ndipo amakaniko athu anaizolowera. IST yoyamba ndi Probox zopangidwa chisanafike chaka cha 2014 zilibe CVT. Kwa msewu wathu, ine ndinaona kuti lita imodzi yoonjezera pamlungu ndi yotchipa kuposa giyabokisi.

Funso lotsatira linali loti tiitanitse ku Japan kapena tigule yomwe ili kale m'dziko muno. Zaka khumi zapitazo yankho linali lapafupi. Munthu unkasankha pa intaneti kwa a Be Forward kapena SBT, n'kupita kubanki, pakatha miyezi iwiri kapena itatu galimoto yafika. Galimoto za ku Japan zimatiyenera pazifukwa zomveka. Kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chili kumanja. Komanso lamulo lawo loyeza galimoto, lotchedwa shaken, limafuna kuti yatsopano ikayezedwe ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo poti zimadya ndalama ambiri amagulitsa galimoto ikadali ndi moyo. Zimenezo sizinasinthe. Chasintha ndi kwacha yathu. Inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2025 mtengo wa dola kubanki unali pafupifupi K1,750, koma kuipeza dolayo kubankiko ndi nkhani ina, ndipo mtengo wa kunja kwa banki aliyense akuudziwa.

Kuonjezera apo, mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali sitima yofikitsa galimoto ku Dar es Salaam, ma ejenti apadoko, dalaivala woiyendetsa kudzera ku Mbeya n'kulowera pa Songwe m'boma la Karonga, ndi mafuta a mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuti ifike kuno kummwera. Kenako pali msonkho wa MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Musaganize kuti aichitira chifundo poti ndi yakale. Pa galimoto zotchipazi si zachilendo msonkho kuposa ndalama zomwe mwaigulira ku Japan. Wokhala ndi madola ake komanso mtima wodikira aitanitse, apeza galimoto yosalawa maenje athu. Koma kwa ife ofuna yotchipa yolipira m'makwacha, yoti tiione ndi maso n'kuigwira, msika wa konkuno ndiwo unali wanzeru.

Kugula konkuno kuli ndi zoopsa zake, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: kudekha. Wogulitsa wabwino ndi munthu yemwe wakhala ndi galimotoyo zaka zingapo, akudziwika komwe amakhala ndi komwe amagwira ntchito, ndipo chifukwa chogulitsira chikuoneka. Wokuuzani pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti mutumize kaye kangachepe pafoni kuti akusungireni poti ofuna ndi ambiri, musiyeni agulitse kwa ambiriwo. Pokaona galimoto tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumulipire tsiku lonse ndi nkhomaliro yomwe. Ndalama imeneyo ndi yochepetsetsa pa zonse zomwe muwononge.

Fikani m'mawa galimoto isanalizidwe, mugwire injini ndi dzanja. Ngati yafunda kale pomwe munapangana kuti muipeze yozizira, funsani chifukwa chake, poti matenda ambiri a injini amabisala ikatentha. Tembenuzani kiyi osaliza, muone ngati nyali zonse zapadashibodi zayaka, kenako zizime injini ikalira. Nyali ya injini yosayaka n'komwe nthawi zambiri imatanthauza kuti wina anachotsa babu. Imani kumbuyo muone utsi: wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndiye kuti madzi akulowa mosayenera. Tsegulani chotsekera oyilo. Mukapeza zoyererako ngati chambiko, gasiketi yapita. Ikwezeni padzenje makaniko aone sampu, mashoko, mabushi ndi podontha. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'onopang'ono. Kulira koti kha-kha-kha kutsogolo ndi ma CV otha. Nambala ya makilomita musaikhulupirire yokha, chifukwa imabwezedwa. Yerekezani ndi kutha kwa labala wa chopondera mabuleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa: manambala anayi m'mbali mwake, monga 2319, akutanthauza mlungu wa 23 wa chaka cha 2019. Tayala lokhala ndi mano koma la zaka zambiri limaphulika pa tala yotentha ya mwezi wa Okutobala. Pomaliza iyeseni pamsewu wafumbi ndi pachitunda, osati pabwalo losalala lomwe wogulitsa wakusankhirani.

Ife a kuno tili ndi chinthu china choonjezera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anamiza ndi kukwirira zinthu zambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, galimoto zomwe. Zina zinatsukidwa, kupakidwa polishi n'kubwerera pamsika. Galimoto yomwe inamira imatha kuyenda bwinobwino miyezi ingapo, kenako mawaya ndi makompyuta ake amayamba kufa chimodzichimodzi. Tukulani kapeti, chotsani tayala lapadera muone pansi pake, suzumirani njanji za mipando ndi bokosi la mafyuzi. Mwa galimoto zisanu zomwe tinaona, yowala kuposa zonse inali pamalo ena ogulitsira galimoto mumzinda wa Blantyre. Makaniko atatukula mpando wakumbuyo anatulutsa dothi losalala ngati ufa woyera, lomwe silifika pamenepo ndi nsapato. Chikomekome cha nkuyu. Tinathokoza n'kutuluka.

Galimoto ikapambana mayeso onsewa, ntchito yatsala theka, chifukwa mapepala oipa amalanditsa galimoto yabwino. Dzina la mu bulubuku lifanane ndi la pachiphaso cha unzika cha munthu yemwe mukumupatsa ndalamayo. Nambala ya chasisi muiwerenge nokha pachitsulo, chilembo ndi chilembo. Galimoto zambiri zotchipa zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi popanda kusintha umwini, ndipo mwini wake wolembedwayo mwina anamwalira kapena ali ku Joni. Tsiku lomwe mudzafune kusintha dzina mudzayamba kusaka munthu yemwe simunamuonepo. Njira yabwino ndi kupita limodzi ndi wogulitsayo ku ofesi ya Road Traffic, ife timapita ku Ginnery Corner ku Blantyre, kuti kompyuta yawo ya MalTIS itsimikize kuti galimotoyo ndi yake, ilibe ngongole kubanki, ndipo umwini usinthidwe pomwepo. Madobadoba adzakuuzani kuti atha kukuchitirani zonse inu mutakhala kunyumba. Imani pamzere nokha.

Samalaninso ndi galimoto zomwe zinalowa m'dziko mopanda msonkho, monga za mabungwe kapena za anthu omwe lamulo limawalola kutero. Zikagulitsidwa msonkhowo usanakonzedwe ndi MRA, wolandidwa ndi inu. Ndipo poti chipata cha Muloza chili pafupi, kuno kumabwera galimoto za nambala za ku Mozambique kapena South Africa pamtengo wogwetsa mtima. Zambiri zimakhala zalowa ndi chilolezo cha kanthawi ngati za alendo. Popanda umboni wa msonkho ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti siinabedwe kwawoko, musaiyandikire, ngakhale wogulitsayo atakhala mlamu wanu. Pomaliza lemberanani pangano pamaso pa mboni, ndipo ndalama zidutse kubanki kuti pakhale umboni.

Musathere ndalama zonse pogula. Ine ndinapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe tinali nazo, ndipo zinatha mlungu woyamba: oyilo wa injini ndi wa giyabokisi, mafyuluta, mapulagi, mabuleki, matayala awiri, kusintha umwini ndi inshulansi. Pa inshulansi, lamulo limafuna yosachepera third party, yomwe imalipira munthu yemwe mwamuvulaza kapena kumuonongera katundu, osati galimoto yanu. Kwa galimoto yakale yotchipa ndimaona kuti ndi yokwanira, bola mukudziwa kuti mukaigwetsera mumtsinje mwaluza nokha.

Tinamaliza ndi Toyota IST ya 2005, ya injini ya 1NZ ija. Tinaigula kwa mphunzitsi wina wa m'boma la Thyolo yemwe anakhala nayo zaka 7 ndipo ankasamukira kutali. Penti ya padenga inasuluka ndi dzuwa, chitseko chimodzi chili ndi chipsera, ndipo wailesi yake, monga zambiri za ku Japan, imathera pa 90 FM, moti mawayilesi ena sitiwamva. Chomwe chinandigwira mtima ndi kope la sukulu lomwe mayiwo anatulutsa, momwe ankalembamo tsiku lililonse lomwe anasintha oyilo ndi chilichonse chomwe chinakonzedwa. Makaniko ataliwerenga anandikodola n'kunong'ona kuti, "Madala, musanenerere kwambiri, angasinthe maganizo." Kopelo tikulipitiriza. Chigulireni talembamo oyilo kawiri, koilo imodzi ndi mabushi akutsogolo, zonse zokonzedwa tsiku lomwelo.

Ubwino wina womwe sindinauwerengere ndi woti pakhomo pali ya dizilo ndi ya petulo. Pa mavuto a mafuta omwe takhala tikuwaona kuyambira 2022, nthawi zina kumasowa petulo dizilo alipo, nthawi zina dizilo petulo alipo, ndiye sitimagona tonse pamzere umodzi. Lamulo lathu n'loti thanki ya IST isatsike kupitirira theka, chifukwa galimoto yodikira odwala yopanda mafuta ndi chimodzimodzi kusakhala nayo. Mafuta am'mabotolo am'mbali mwa msewu timawapewa pokhapokha zitavutitsitsa, poti sudziwa chomwe chasakanizidwamo, ndipo pampu ya mafuta ya tigalimoto timeneti siichedwa kufa ndi zinyalala.

Chovuta chomwe palibe makaniko angachikonze ndi cha anansi. Kumudzi galimoto yogona pakhomo si ya banja limodzi. Mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka usiku, mwana akakomoka ndi malungo, chitseko chogogodedwa ndi chanu, ndipo simungakane mukadali munthu. Tinagwirizana kuti wodwala timanyamula nthawi iliyonse, wotha kuthira mafuta athire, wosatha tidzaonana. Koma kubwereketsa kiyi kuti wina akayendetse yekha, kaya ndi ku ukwati kaya kukaona chibwenzi ku Phalombe, ayi. Ena anakhumudwa, mmodzi mpaka pano moni wake ndi wapakamwa pokha. Kiyiyo amakhala m'chikwama cha mayi akunyumba. Ine ndemwe ndikaifuna galimotoyo ndimachita kupempha, ndipo si nthawi zonse pomwe amavomera.